Kodi malangizo a chida chowerenga metadata ya kanema akukwanira kuti agent wa AI agwire nacho ntchito?

Yamikani, Midrand

Moni akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene ndikufuna tiunikire limodzi, makamaka inu amene mwakhalitsa pa ntchito yolemba mapulogalamu. Mayi Nankhoma, amene amajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo ya Amalawi kuno ku Johannesburg, ali ndi makanema ochuluka kwambiri m'ma hard drive awo, ndipo andipempha kuti ndiwakonzere agent wa AI, pulogalamu yogwira ntchito yokha ikauzidwa chochita, woti aziwathandiza kuwasanja, kuwapeza akafunika, ndi kuwerengera kutalika kwake. Ndapeza chida china chaulere chimene chimalandira fayilo ya kanema kapena link ya YouTube n'kubweza metadata yake, ndiko kuti mfundo zofotokoza kanemayo monga kutalika kwake ndi tsiku lake, ndipo chimalumikizika kwa agent kudzera mu MCP (Model Context Protocol), njira imene agent amalumikizikira ku zida. Chidacho chikugwira ntchito, koma malangizo ake ndi amene akundikayikitsa. Fayilo ya README ndi yaitali, ili ndi zithunzi zokongola, ndipo ikufotokoza bwino momwe munthu angaikire chidacho pa kompyuta yake, pomwe kufotokoza kwa ntchito yeniyeniyo ndi chiganizo chimodzi chokha cha Chingerezi chonena kuti chida chimabweza metadata ya kanema. Kodi malangizo otere timawayeza ndi muyeso wanji tisanadalire chida pa ntchito imene munthu amadyerapo?

Bambo Gondwe, Braamfontein

Zikomo a Yamikani pobweretsa nkhaniyi. Musanayeze chilichonse, yambani mwadzifunsa kuti wowerenga malangizowo ndani, chifukwa pano pali owerenga awiri ndipo sawerenga zinthu zofanana. Inu mumawerenga README kamodzi, n'kuika chida, n'kuiwalako. Agent README saiona n'komwe. Malinga ndi dongosolo la Model Context Protocol, limene a kampani ya Anthropic anatulutsa mu Novembala 2024, agent akalumikizidwa ku seva amapatsidwa mndandanda wa zida, ndipo pa chida chilichonse amaona dzina lake, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi schema yonena zimene ayenera kulowetsa. Zimene sizinalembedwe m'malo atatu amenewa, kwa iye kulibe. Choncho README yokongolayo muiike padera, ndipo muone chiganizo chimodzi chija ngati malangizo onse amene chidacho chili nawo. Mukachiona chotero, muvomereza kuti malangizowo ndi operewera kwambiri, chifukwa sakunena kuti ndi metadata iti, ikuchokera kuti, ndiponso ili mu muyeso wanji.

Tatiuzani mayina a magawo amene chida chimabweza, kuti tikambirane zinthu zogwirika.

Yamikani, Midrand

Magawo ake ndi duration, width, height, fps, codec, bitrate, date, language, title ndi location. Palibe gawo ngakhale limodzi limene lafotokozedwa, ndipo schema ya zolowetsa ili ndi gawo limodzi lotchedwa source, lopanda mawu onena ngati likufuna njira ya fayilo pa kompyuta, link yonse, kapena nambala ya kanema yokha.

Tadala, Randburg

Achimwene, ine ndiyambira pa duration, chifukwa ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu asanatuluke ndipo gawo limeneli lagwetsa anthu ambiri. Zida zambiri zotere sizidziwerengera zokha, zimangoitana ffprobe, pulogalamu yowerenga metadata imene ili m'gulu la mapulogalamu a makanema la FFmpeg, n'kukonza yankho lake. Mukaiuza ffprobe kuti itulutse yankho m'kalembedwe ka deta ka JSON, kutalika kumabwera m'masekondi, komanso kumabwera ngati mawu olembedwa pakati pa zizindikiro, osati ngati nambala. YouTube Data API, njira imene mapulogalamu amafunsira zinthu ku YouTube, imapereka kutalika m'kalembedwe ka ISO 8601, moti kanema wa mphindi 4 ndi masekondi 13 amalembedwa PT4M13S. MediaInfo, pulogalamu ina yowerenga metadata, nayo mukaifunsa gawo la Duration lokha kudzera pa template, imayankha m'mamilisekondi. Ndiye taonani: chinthu chimodzi, kalembedwe kutatu. Ngati chida chanucho chimatenga kuchokera ku magwero awiri n'kuika zonse m'gawo limodzi, malangizo ayenera kunena ngati chimasandutsa zonse kukhala muyeso umodzi kapena chimangopereka monga chalandirira. Tayesani kanema mmodzi yemweyo, kamodzi ngati fayilo, kamodzi ngati link, mutiuze zimene zatuluka.

Yamikani, Midrand

Mwalasa pamene pali bala, achemwali. Fayilo yabweza 253.120000, ndipo link yabweza PT4M13S. Chida sichisandutsa chilichonse, ndipo malangizo ali chete pa zimenezi.

Limbani, Hillbrow

Ndikupempha kuti ndisiyane nanu pang'ono, akuluakulu. Ma model a AI a masiku ano, amene ndiwo ubongo wa agent, awerenga zolemba zambiri za FFmpeg ndi za YouTube, ndipo akaona PT4M13S amadziwa kuti ndi mphindi 4 ndi masekondi 13 popanda wowauza. Akaona 253.12 pa gawo la duration amaganiza masekondi, ndipo nthawi zambiri amalondola. Tisaiwalenso kuti mawu aliwonse amene timaika pofotokoza chida amalowa m'zimene agent amawerenga nthawi iliyonse akamagwira ntchito, ndipo amawerengedwa ngati ma token, tizidutswa ta mawu timene timalipira. Munthu akalumikiza zida makumi awiri, chilichonse chili ndi kufotokoza kwa tsamba lathunthu, ndalama zimapita ndipo agent amasokonezeka posankha chida. Kwa ine kufotokoza kwachidule si tchimo. Komanso zimene a Tadala apezazi ndi vuto la chida chenichenicho, osati la malangizo. Wokonza chida akanasandutsa zonse kukhala masekondi, nkhani ikanathera pomwepo.

Bambo Gondwe, Braamfontein

A Limbani, pa mfundo ya ma token mwanena zoona, ndipo ine sindikufuna tsamba lathunthu pa chida chilichonse. Koma mawu anu akuti nthawi zambiri amalondola ndi amene akundidetsa nkhawa. Munthu akakayika amaimirira n'kufunsa mnzake, kapena amatsegula kanemayo n'kudzionera yekha. Agent sangayimbire wokonza chida foni, ndipo akakayika amasankha yankho looneka lomveka n'kupitiriza ntchito ndi chidaliro chonse, osasiya chizindikiro choti apa panali kulota. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo agent ndi safunsa mwa chibadwa chake, choncho malangizo ayenera kuyankhiratu mafunso amene iye sangathe kufunsa. Nambala 5400 ikhoza kukhala masekondi, kutanthauza ola limodzi ndi theka, kapena mamilisekondi, kutanthauza masekondi osakwana 6. M'nkhokwe ya Mayi Nankhoma muli ulaliki wa ola ndi theka, mulinso tizidutswa ta masekondi ochepa ta pa foni, moti mayankho onse awiri ndi omveka. Mawu anayi kapena asanu onena muyeso sadya ndalama zoti munthu n'kudandaula nazo.

Pa zoti vuto ndi la chida, ndikuvomereza kuti kukonza chida n'kwabwino koposa. Komabe chida chilichonse chili ndi malire ake, ndipo ntchito yaikulu ya malangizo ndi kuulula malirewo. Chida chopanda ungwiro chimene chikunena poyera pamene chimapunduka ndingachigwiritse ntchito, koma chida chobisa zofooka zake ndimachiopa.

Mayi Nankhoma, Rosettenville

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ngakhale zina ndi zakuya kwa ine, ndiloleni ndinene zimene ndikufuna kuti mukamayeza muziyeza ndi ntchito yeniyeni. Choyamba, kasitomala akandifunsa kanema wa chinkhoswe cha mwana wake cha zaka zitatu zapitazo, ndimafuna kumupeza potchula tsiku, chifukwa mayina a mafayilo ochokera mu kamera ndi manambala okhaokha. Chachiwiri, anthu ambiri masiku ano amafuna tizidutswa toimirira toti aike pa status ya WhatsApp kapena atumize kumudzi, ndiye ndimafuna kudziwa makanema oimirira ndi ogona popanda kutsegula mmodzimmodzi. Chachitatu, ndimalipiritsa ntchito yokonza kanema molingana ndi kutalika kwa zimene ndajambula, choncho kuwerengera kukalakwika, mwina ndidzabera kasitomala kapena ndidzadzibera ndekha. Dziwaninso kuti si makanema onse amene ndinajambula ine. Pa ukwati achibale amajambula ndi mafoni awo n'kunditumizira kuti ndiphatikize, ndipo ambiri amatumiza pa WhatsApp.

Bambo Kachingwe, Yeoville

Amayi, zimene mwalembazi zathandiza kwambiri, ndipo monga mnzanu wogwira kamera ndikuona misampha iwiri imene malangizo a chidachi sakuitchula.

Woyamba uli pa makanema oimirira. Munthu akajambula atagwira foni choimirira, mafoni ambiri sasunga chithunzicho choimirira. Amachisunga chogona, mwachitsanzo 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali, n'kuikamo chizindikiro chouza pulogalamu yoonetsera kuti itembenuze ndi madigiri 90. Inu mukamaonera mumaona kanema woimirira bwinobwino, koma wofunsa width ndi height yekha amauzidwa kuti kanemayo ndi wogona. Mu ffprobe yakale chizindikirochi chinkaoneka pa tag yotchedwa rotate, pomwe mu yatsopano chimaoneka pansi pa side_data_list ngati rotation. Mndandanda umene a Yamikani atipatsa ulibe gawo la kutembenuza, ndiye pali zinthu ziwiri zotheka: mwina chida chimatembenuziratu manambala chisanabweze, kapena chimangotaya chizindikirocho. Malangizo abwino akananena chimodzi mwa ziwirizi. Popanda zimenezo, agent akafunsidwa makanema oimirira adzasiya ambiri a pa foni, ndipo sadzadziwa kuti wasiya kanthu.

Wachiwiri uli pa tsiku, ndipo uwu ndi woopsa kuposa woyamba. M'mafayilo a MP4 ndi MOV nthawi yojambulira iyenera kusungidwa mu UTC, nthawi imene mayiko onse amayezerapo nthawi zawo, pomwe ife kuno ku South Africa, monganso kwathu ku Malawi, tili patsogolo ndi maola awiri. Taganizirani mapemphero a usiku wolowera chaka chatsopano, amene mipingo yathu yambiri imachita. Kwaya ikuimba nthawi ya 1 koloko usiku pa 1 Januwale, inu mukujambula, koma fayilo ikulemba 23:00 pa 31 Disembala chaka chathachi. Mukauza agent kuti akupatseni makanema onse a chaka chatsopano, kwaya ija isowa, chifukwa kwa iye inaimba chaka chatha. Makamera ena salabadira lamulo la UTC, amangolemba nthawi imene ili pa wotchi yawo, ndipo wotchiyo ikhoza kukhala yolakwika ngati batire linatha kamera ili m'chikwama. Palinso mafayilo amene tsiku lake silinalembedwe, ndipo zida zina zimaonetsa chaka cha 1904, chifukwa kawerengedwe ka nthawi ka mafayilo a QuickTime (MOV) kamayambira pa 1 Januwale 1904.

Tadala, Randburg

Ndionjezere pa zimene bambo Kachingwe anena. Popeza chidachi chimalandiranso link ya YouTube, gawo la date likhoza kutanthauza chinthu china kotheratu, chifukwa YouTube imapereka publishedAt, imene ndi nthawi yoika kanema poyera, osati yojambulira. Ukwati wa mu Ogasiti ukhoza kuikidwa pa YouTube mu Okutobala. Makanema obwera pa WhatsApp nawonso ali ndi nkhani yawo: akatumizidwa ngati kanema wamba amapanikizidwa kuti achepe ndipo metadata yambiri yoyambirira imatayika, pomwe akatumizidwa ngati document fayilo imafika monga inalili. Funso lofunika kufunsa malangizo ndi ili: tsiku likasowa m'fayilo, chida chimatani? Chimabweza gawo lopanda kanthu, chimachotsa gawolo, kapena chimatenga tsiku limene fayilo inakoperedwa pa hard drive n'kulipereka ngati tsiku lojambulira? Njira yachitatuyi ndi yoipitsitsa, chifukwa yankho lake limaoneka langwiro pamene ndi labodza.

Limbani, Hillbrow

Za kutembenuza ndi za tsiku zandigwira mtima, ndipo pamenepo model ngakhale wanzeru bwanji sangadziwe zimene chida chataya chisanamupatse. Komabe ndikufunsa kuti malire ali pati. Tikati tilembe msampha uliwonse wa makanema, tidzalemba buku. Pali fps, pali mitundu ya codec (njira zopanikizira kanema), pali makanema okhala ndi mizere ingapo ya mawu, pali HDR. Kodi zonsezi zilowe m'kufotokoza kwa chida?

Bambo Gondwe, Braamfontein

Funso lanu ndi loyenera, a Limbani. Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti, chilowe chokhacho chimene agent sangachidziwe poyang'ana yankho, ndipo chimene akachiphonya chingasinthe zimene achite. Kufotokoza kuti codec ya H.264 n'chiyani n'kutaya malo, chifukwa model akudziwa kale, ndipo mawu akuti h264 kapena hevc satanthauza zinthu ziwiri. Koma gawo la fps, lonena kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, likufunika chiganizo chake. Mu ffprobe muli manambala awiri, r_frame_rate ndi avg_frame_rate, ndipo onse amabwera ngati magawo a nambala, monga 25/1 kapena 30000/1001, imene ndi pafupifupi 29.97. Makamera athu ambiri amaikidwa pa zithunzi 25 pa sekondi chifukwa dera lino linkatsatira dongosolo la TV la PAL, pomwe mafoni amakonda 30 ndipo kawirikawiri liwiro lake limasinthasintha mkati mwa kanema, makamaka kukakhala mdima. Pa kanema wotere manambala awiri aja amasiyana, ndipo zolemba za FFmpeg zenizenizo zimachenjeza kuti r_frame_rate ndi kungoyerekeza. Mayi Nankhoma akafuna kudziwa tizidutswa timene tingavute pophatikiza ndi za kamera yawo, yankho limadalira kuti chida chatenga nambala iti mwa ziwirizi. Agent sangaone zimenezo poyang'ana 30 yekha.

Komanso si zonse ziyenera kukhala m'chiganizo chachikulu chofotokoza chida. Gawo lililonse mu schema likhoza kukhala ndi kufotokoza kwake kwachidule, ndipo kuyambira pa kusinthidwa kwa MCP kwa mu Juni 2025 chida chikhoza kulengezanso schema ya zimene chimabweza. Pamenepo ndi pamene muyeso, nthawi ndi tanthauzo la kusowa kwa kanthu ziyenera kukhala, pafupi ndi gawo lenilenilo.

Chisomo, Turffontein

Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Ndikufuna kukamba za gawo la language, chifukwa likutikhudza ife mwapadera. Mafoni ndi makamera sadziwa chinenero chimene anthu akulankhula. Ambiri amalemba und, kutanthauza kuti sichikudziwika, ndipo ena amalemba eng pa fayilo iliyonse ngakhale mkati mwake abusa akulalikira m'Chichewa kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Chizindikiro cha chinenero chathu mu ISO 639 ndi ny kapena nya, koma simudzachipeza m'fayilo pokhapokha munthu atachilemba dala. Tsopano ngati agent adzapatsidwa ntchito yotumiza makanema ku pulogalamu yolemba mawu olankhulidwa, n'kukhulupirira gawo la language, adzauza pulogalamuyo kuti imve Chingerezi, ndipo zotuluka zidzakhala zopanda mutu. Malangizo ayenera kunena momveka kuti gawoli ndi chizindikiro cholembedwa m'fayilo basi, chida sichinamvetsere mawu. Wokonza chida mwina sanaganizireko zimenezi chifukwa makanema amene ankayesera anali a Chingerezi, koma ife tiyenera kuziyesa tokha.

Tadala, Randburg

A Chisomo anena zofunika, ndipo zikundifikitsa pa mbali imene ndimaiona kuti imasiyanitsa malangizo okhwima ndi osakhwima, ndiyo ya zolephera. Aliyense amatha kulemba zimene chida chimachita zinthu zikayenda bwino. Tafufuzani zimene alemba pa fayilo yoonongeka, monga imene kamera inazima isanamalize kulemba, pa link ya kanema amene mwini wake anamubisa kapena kumuchotsa, ndiponso pa fayilo imene si kanema n'komwe. Mu MCP chida chikhoza kubweza yankho lokhala ndi chizindikiro cha isError pamodzi ndi mawu ofotokoza chimene chavuta, kuti agent awerenge n'kusankha chochita. Mawuwo nawonso ndi malangizo, ndipo ayenera kuyezedwa. Uthenga wongoti zalephera suthandiza, chifukwa agent sadziwa ngati ayesenso, asinthe zimene walowetsa, kapena aleke n'kuuza mwini ntchito.

Chitsanzo chogwirika ndi malire a YouTube Data API. Pulojekiti iliyonse imayamba ndi mayunitsi 10,000 pa tsiku. Kufunsa za kanema amene mukudziwa nambala yake kumadya yuniti imodzi, koma kufufuza ndi mawu kumatheka maulendo 100 okha pa tsiku. Malirewo amabwerera pakati pa usiku pa nthawi ya Pacific ya ku America, imene kuno ndi 9 kapena 10 koloko m'mawa malinga ndi nyengo ya chaka. Agent amene sanauzidwe zimenezi akalandira uthenga wosamveka amangoyesanso mobwerezabwereza, ma token akupita, pamene chofunika n'kudikira mpaka mawa.

Yamikani, Midrand

Ndayesa fayilo yodulidwa pakati. Chida chabweza magawo onse, duration ili 0, width ili 0, ndipo palibe chizindikiro chilichonse choti chalephera.

Bambo Gondwe, Braamfontein

Apa ndiye a Limbani ndi ine tigwirizana, chifukwa ili ndi vuto la chida komanso la malangizo pamodzi. Ziro ndi nambala, ndipo agent adzaiphatikiza pa kuwerengera ngati kanema wa masekondi ziro. Choopsa kwambiri n'chakuti tsiku lina Mayi Nankhoma adzamuuza kuti achotse mafayilo opanda kanthu kuti malo apezeke, ndipo iye adzachotsa fayilo ya ukwati imene mwina ikanatheka kupulumutsidwa. A Yamikani, ichi chokha n'chokwanira kuti musalumikize chidachi kwa agent amene ali ndi mphamvu yochotsa mafayilo mpaka chitakonzedwa.

Mayi Nankhoma, Rosettenville

Bambo Gondwe, mwandiopsa koma mwachita bwino kunena. Ukwati sujambulidwa kawiri. Ndifunsenso za gawo lija la location limene palibe walikambapo. Kodi likutanthauza kuti chidachi chimadziwa kumene kanema anajambulidwa? Zinkhoswe zambiri zimachitikira pakhomo pa anthu, ndipo sindikufuna kuti adiresi ya kasitomala wanga izipita kwina iye osadziwa.

Chisomo, Turffontein

Amayi, nkhawa yanu ndi yoona. Foni ikaloledwa kugwiritsa ntchito GPS pojambula, imalemba malo m'fayilo m'kalembedwe ka ISO 6709, ndipo manambala ake amatha kulozera pafupi kwambiri ndi nyumba yeniyeniyo. Chida chikabweza gawo limeneli, manambalawo amalowa m'zimene agent akuwerenga, ndipo ngati model akuyendera pa seva za kampani ina, ndiye kuti atuluka pa kompyuta yanu. Lamulo la POPIA la dziko lino, loteteza zinsinsi za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2021, limawerengera malo amene munthu ali ngati chinsinsi cha munthuyo, ndipo wochita bizinesi ali ndi udindo pa zinsinsi za makasitomala ake. Malangizo oyenera akananena kuti gawoli lilipo, likuchokera kuti, ndiponso ngati pali njira yolizimitsira. Akananenanso ngati fayilo imawerengedwa pa kompyuta pomwepo kapena imatumizidwa kwina, chifukwa chiganizo chimodzi chija sichikuyankha funso limeneli.

Gawo la title nalonso likufuna chenjezo. Mutu ndi kufotokoza kwa kanema wa pa YouTube amalemba ndi munthu wina aliyense, ndipo wachinyengo akhoza kulembamo mawu ooneka ngati lamulo, ouza agent kuti asiye ntchito yake achite zina. Malangizo azimuuza agent poyera kuti zimene zili m'magawo amenewa ndi mawu a anthu akunja, oti awerengedwe ngati deta, osati otsatira.

Limbani, Hillbrow

Ndikuona kuti pa zambiri tikuyendera limodzi, ngakhale ndikadali ndi maganizo akuti kufotokoza kwakukulu kusapitirire ziganizo zochepa, zina zonse zipite mu schema monga bambo Gondwe anenera. Chimene ndikufuna kuonjezera n'chakuti tisayeze malangizo powawerenga ndi maso athu okha, chifukwa ife timadzaza mipata ndi zimene tikudziwa kale popanda kuzindikira. Tiyese ndi agent mwiniwake. A Yamikani asonkhanitse mafayilo ochepa amene mayankho ake tikuwadziwa bwino: wa foni woimirira, wa usiku wa chaka chatsopano, wobwera pa WhatsApp, woonongeka uja, wa ulaliki wa Chichewa wolembedwa eng, ndi link imodzi ya YouTube. Ayambe ayendetsa ffprobe ndi ExifTool, pulogalamu inanso yowerenga metadata, pamanja kuti choonadi chilembedwe padera. Kenako afunse agent mafunso enieni a Mayi Nankhoma, koyamba ndi kufotokoza kwakale, kachiwiri ndi kufotokoza kokonzedwa, chida chisanasinthidwe ngakhale mzere umodzi. Kusiyana kwa mayankho ndiko kudzationetsa mphamvu ya malangizo paokha, ndipo kudzatithandiza kudula ziganizo zimene sizikusintha kanthu.

Tadala, Randburg

Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ndikupempha zinthu ziwiri. Funso lililonse lifunsidwe kangapo m'makambirano atsopano, chifukwa model sayankha mofanana nthawi zonse ndipo kulondola kamodzi kukhoza kukhala mwayi chabe. Komanso powerengera zotsatira, yankho lakuti tsiku la kanema uyu silikudziwika liwerengedwe ngati lolondola pa fayilo ya WhatsApp ija. Agent amene wanena kuti sakudziwa wachita ntchito yake bwino, ndipo malangizo amene amupangitsa kunena zimenezo apambana mayeso.

Bambo Gondwe, Braamfontein

Ndikuvomereza zonsezi. A Yamikani, polemba kufotokoza katsopano musalembe zimene mukufuna kuti chida chizichita, lembani zimene chikuchita lero, ngakhale zili zochititsa manyazi. Nenani kuti kutalika kwa fayilo kuli m'masekondi pomwe kwa YouTube kuli mu ISO 8601, kuti ziro pa duration akutanthauza kuti fayilo sinawerengeke, kuti chida chimangowerenga osasintha fayilo ngati mwatsimikiza kuti n'zoona, ndiponso kuti date ndi language ndi zolembedwa m'fayilo zimene zikhoza kusowa kapena kulakwika. Za width ndi height, tsegulani kodi ya chidacho muone ngati imalabadira kutembenuza musanalembe kanthu. Mukamaliza, mutumizire wokonza chidayo zimene mwapeza, mwaulemu ndi mwatsatanetsatane, pamodzi ndi mafayilo achitsanzo amene mulibe nkhope kapena malo a makasitomala, chifukwa iye anapereka ntchito yake kwaulere ndipo mwina misampha ya makanema athu sanakumane nayo.

Yamikani, Midrand

Zikomo nonse. Ndatsegula kodi monga bambo Gondwe anenera, ndipo ndaona kuti chida chimatenga width ndi height molunjika kuchokera ku ffprobe osayang'ana side_data_list, pomwe fps imatengedwa pa r_frame_rate. Tsiku likasowa, chimatenga tsiku limene fayilo inasinthidwa komaliza pa hard drive, monga achemwali Tadala anaopera. Gawo la location ndilichotsa kumbali yathu lisanafike kwa agent, ndipo agent sindimupatsa mphamvu yochotsa fayilo iliyonse. Mayi Nankhoma, ndikupempha kuti Loweruka mundikonzere mafayilo amene a Limbani atchula, ndipo amene achibale ananu anajambula ndi foni muwapemphe awatumizenso ngati document kuti tikhale ndi onse awiri, wopanikizidwa ndi woyambirira.

Mayi Nankhoma, Rosettenville

Ndamva, ndiwakonza. Wa usiku wa chaka chatsopano ndili nawo ochokera mu kamera komanso ochokera pa foni, ndiye ndibweretsa onse kuti muone ngati akulemba nthawi mofanana.